Dzanja Limene Linagwetsa Bokosi la Bambo Anga

Abale anga, ndisanayambe ndikupempheni kanthu kamodzi. Aliyense atambasule dzanja limene amagwirira ntchito. Tsinani chala chachikulu. Tsinani chamkombaphala. Tsinani chapakati. Ngati zitatuzo zamva kuwawa mofanana ndi kachala kakang'ono, thokozani Mulungu. Ngati pali wina amene wamva ngati watsina chala cha munthu wina, ameneyo asathamangire minibasi tikamaliza. Ndili naye mawu.

Dzina langa ndine Fackson. Kwathu ndi ku Nkomeshya, kuno ku Chongwe konkuno. Ndine munthu uja amene anagwetsa bokosi la maliro a bambo ake. Ena a inu munaimva nkhaniyi m'minibasi, ndipo munaimva yokhota. Ine ntchito ndinaphunzirira ku nyuzipepala, kumene ankatiuza kuti nkhani iziyamba ndi ndani, chiyani, kuti ndi liti. Ndiinena motero.

Ndinagwira zaka zisanu ndi chimodzi pa nyuzipepala ina yaing'ono ku Lusaka, poyamba wokonza zolakwika m'zolemba, kenako mtolankhani wa nkhani za kukhoti. Nyuzipepalayo itatsekedwa mu 1993, kampani ina yosindikiza inagula makompyuta atatu n'kumafuna anthu a zala zothamanga. Zanga zinali zothamanga. Ananditenga.

Chipinda cha makompyuta chinali chamamita atatu mulifupi, anayi mulitali. Zenera munalibe. Makina oziziritsa mpweya ankalira tsiku lonse, osati chifukwa cha ife ayi, koma chifukwa cha makompyuta, amene abwana ankati amadwala kukatentha. Nsapato tinkavulira pakhomo kuopa fumbi. Mwezi wa Okutobala, anthu akusungunuka panja, ine ndinali m'juzi. Mpando unali wathabwa, wotsika, ndipo tebulo linali lalitali, moti potayipa manja anga ankapindikira m'mwamba ngati a chiswamphika. Ndinkakhala choncho maola khumi, masiku ena khumi ndi awiri.

Tinayamba tili atatu. Wina anapita ku Botswana, wina anachotsedwa, ndipo m'malo mwawo simunalowe munthu. Ndinatsala ndekha ndi makompyuta atatu. Ndinkatayipa malipoti a mabungwe, makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro a anthu amene sindinawaonepo.

Ndinkakhala m'kachipinda kalendi kuseri kwa nyumba ya munthu wina wa m'boma, pa mapuloti atsopano aja. Kuchoka pamenepo kufika kwa bambo ndi maola awiri panjinga. Ndinkapita pa Khirisimasi ndi pa Isitala basi. Sabata ina ndinaganiza zowerenga mawu amene ndinkalankhula ndi pakamwa. Lachitatu anakwana khumi ndi anayi, ndipo asanu ndi limodzi mwa iwo anali a kondakitala.

Maso ndiwo anayamba. Madzulo ankakhala ngati muli mchenga. Kenako mutu. Ndinayamba kugula mapiritsi a mutu pa kantemba kapasiteshoni: awiri pa tsiku, kenako anayi, kenako asanu ndi atatu, kumwera chakumwa chozizira m'mimba mulibe kanthu, popeza nthawi ya nkhomaliro ndinkaona ngati yotayika. Ndiye dzanja lamanja. Linayamba ndi nyerere, zoyenda m'zala zitatu zija ndakuuzani. Ndinkalikutumula ngati ndagwira mphika wotentha, n'kupitiriza kutayipa. Patapita miyezi nyerere zinachoka, ndipo ndinakondwa. Sindinadziwe kuti zachoka pamodzi ndi kumva komwe. Makapu awiri ndinaswa. Batani la malaya lapakhosi ndinasiya kumanga. Ndikafika kunyumba ndinkamwa kabotolo ka kachasu, ati kuti dzanja ligone. Ngakhale kumowa sindinkapita. Ndinkamwa ndekha, nditakhala pabedi, ndikuyang'ana khoma.

Mundifunsa kuti bwanji sindinauze munthu. Kwathu ankanditcha Ba Kompyuta. Anthu amene amadzuka m'mamawa kukagwira khasu la ng'ombe, zikhatho zawo zolimba ngati chikumba, ukawauza bwanji kuti ntchito yokhala pampando m'chipinda chozizira ikukupweteka? Ndinachita manyazi. Palibenso china.

Chaka cha 1995 bambo anayamba kudwala. Makalata atatu anandifika kudzera mwa dalaivala wa galimoto yamkaka, onse olembedwa ndi mlongo wanga Esnart, amene ankawasamalira. Mawu anali a bambo, iye ankangolemba. Yachitatu ndimaikumbukira mawu ndi mawu: "Fackson, ubwere unimete ndevu. Esnart aopa lezala, ndipo manja anga anjenjema." Kuyambira ndili kusekondale, ndikapita kumudzi ndine ndinkawameta bambo. Ankakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango, atatseka maso, akundiuza za mvula.

Kalatayo ndinaiika m'bokosi la madisiki. Ndinati ndipita Loweruka. Loweruka kunabwera lipoti la masamba mazana awiri. Chimenecho ndicho chifukwa chimene ndinadziuza. Chifukwa chenicheni n'chakuti ndinali nditayesa kugwira lezala kunyumba, ndipo zala sizinadziwe ngati ndagwira lezala kapena mpweya. Ndinaopa kuwacheka pakhosi. Ndinaopanso kuti aona.

Anamwalira mu Ogasiti, Lachiwiri. Uthenga unandipeza pa foni ya kuofesi Lachitatu masana. Mukudziwa chimene mwana amachita akamva choncho: amasiya zonse, n'kupita kukagona pamaliro pamodzi ndi abale. Ine ndinabwerera pampando n'kuyamba kutayipa pulogalamu ya maliro. Ndinasankha zilembo zabwino, ndinaika mtanda pamwamba, ndinakonza nyimbo m'ndondomeko yake, ndinasindikiza makope zana. Ndinkaona ngati ndikuchita chinthu chachikulu. Ndinafika kumudzi Lachinayi m'mawa, tsiku loika, mapepala ali kukhwapa.

Amene ankayendetsa maliro anali Ba Sailasi, mng'ono wawo wa bambo, amene ife timawatcha batate ang'ono. Anayang'ana mapepalawo, n'kuyang'ana ine.

"Ni vichani ivi? Tizafunda?"

"Ni mapulogalamu, batate."

"Atate ako anafuna iwe. Sanafune pulogalamu."

Mawuwo anandiwotcha. Nthawi yonyamula itakwana ndinapempha ndekha kuti ndigwire nawo bokosi, anthu aone kuti ndine mwana. Ba Sailasi anandilozera chigwiriro chakutsogolo, mbali imene munthu amagwira ndi dzanja lamanja. Ndikanatha kupempha mbali inayo. Sindinapemphe, chifukwa akanandifunsa kuti chifukwa chiyani.

Kuchoka pa mtengo wa mango kufika kumanda ndi mapazi ngati mazana atatu. Pakatikati pali chulu. Tikufika pachulupo dzanja langa linatseguka. Sindinamve kupweteka. Sindinamve n'komwe kuti ndasiya. Ndinangomva phokoso la thabwa likugunda pansi, ndipo nyimbo ya azimayi inaduka pakati pa mawu. Kenako kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina wachikulire, osakweza: "Amukana."

Mawu amodzi amenewo anayenda mofulumira kuposa ife onyamula. Pofika kumanda aliyense anali atamvetsa nkhani yonse: mwana wogwira ntchito ndi makina osadziwika m'chipinda chotseka, wosabwera bambo ake akudwala, wosagona pamaliro, ndipo tsopano malemu amukana pamaso pa anthu. Ena ankanong'ona kuti ndinawapereka bambo kwa makinawo kuti ntchito indiyendere.

Ndikanakhala pansi tsiku limenelo n'kuwaonetsa dzanja, mwina zikanathera pomwepo. M'malo mwake ndinachoka masana omwewo, osadikira tsiku lometa, pamene abale onse amametedwa tsitsi pamodzi n'kukambirana mmene imfa inayendera. Kwathu munthu wothawa kumeta ndiye kuti wavomera mlandu. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu osatembenuka.

Miyezi iwiri yotsatira ndiinena mwachidule. Kalata sinabwerenso. Mapiritsi anafika khumi ndi awiri pa tsiku. Ndinayamba kutayipa ndi dzanja lamanzere ndi kachala kakang'ono kakumanja, ndipo ine, munthu amene ndinadyapo ndi kukonza zolakwika za ena, ndinatulutsa khadi la ukwati lolakwika dzina la mkwatibwi. Abwana anandiuza kuti ndikapume mpaka dzanja lichire. M'mawa wina ndinasanza zakuda. Ndinatsuka beseni, osauza munthu. Ndinakhala masabata atatu m'kachipinda kaja chitseko chili chotseka, moti eni nyumba ankayesa kuti ndili kumudzi. Ndikagona chagada ndinkapeza zala zakumanzere zikutayipa pa bulangeti zokha. Zinkatayipa kalata ya bambo ija.

Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa pano ndi pamene zinatembenukira.

Linali Lamulungu, mu Okutobala, cha m'ma 2 koloko masana. Ndinamva njinga ikutsamizidwa pakhoma, kenako kugogoda.

"Odi! Ba Kompyuta, muli moyo olo tibwere na nyimbo?"

Anali Esnart. Analowa osadikira yankho, thumba lili pamutu, thukuta lili chuchuchu. Anatula thumbalo, n'kukankha zenera limene ndinali ndisanatsegule chiyambire Ogasiti.

"Muno mununkha monga khola la mbuzi. Ndiye mwamene mukhalira anthu ophunzira?"

Anaona chitini cha mapepala a mapiritsi pansi pa bedi, anaonanso mabotolo. Anayala chitenje pansi n'kukhuthulirapo mtedza wosaswa.

"Batate ang'ono anituma na funso limodzi," anatero. "Bafuna yankho asanagawe munda. Koma ine sinikamba na munthu wamene manja ake ali chabe. Khala pansi. Swa."

Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu. Nkhani yolemera siikambidwa anthu akuyang'anana m'maso. Imakambidwa manja akuswa mtedza kapena akukonola chimanga. Ndinakhala pansi. Ndinatola mtedza umodzi, n'kuuika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala monga ndinkachitira ndili mwana. Ndinafinya. Unapulumuka n'kugubuduzikira pansi pa bedi. Ndinatola wina. Unagwa ndisanaufinye n'komwe. Wachitatu ndinaupititsa kumano.

Esnart anali atasiya kuswa. Anandiyang'ana dzanja nthawi yaitali. Kenako anamasula pini pa chitenje chake.

"Nipase dzanja. Yang'ana kukhoma."

Ndinayang'ana kukhoma.

"Wamva?"

"Chani?"

"Apa?"

"Palibe."

"Apa?"

"Wayamba kale?"

Ndiye anabaya kachala kakang'ono, ndipo ndinakuwa, "Mayo!" Nditatembenuka ndinaona timadontho titatu ta magazi pa zala zitatu, timene sindinadziwe kuti tabwera liti.

"Kuyambira liti?" anafunsa, mawu atatsika.

"Chaka na hafu."

"Na tsiku la bokosi?"

"Sininamve kuti nasiya."

Panja nkhuku inali kupalasa masamba. Kenako anati, "Lezala ija."

"Nenze kuopa kuwacheka pakhosi."

Ndinkayesa kuti alira. Anandimenya ndi chikhatho paphewa, mwamphamvu.

"Chitsiru iwe! Chitsiru chamasatifiketi! Batate anafa na ndevu zawo, maso ali kumseu. Galimoto yamkaka ikapita, ati ona ngati Fackson watsika. Ukanabwera chabe kukhala pafupi, ine nikanawameta na sizasi! Nanga sunakambe chifukwa chani?"

"Nikambe kuli ndani? Imwe mulima na ng'ombe. Ine nikhala pampando."

"Kuli ine," anatero. "Ukanakamba kuli ine."

Mawu amenewo ndiwo anandithyola. Ndinalira bambo anga kwa nthawi yoyamba, patatha miyezi iwiri atayikidwa, nditakhala pansi pakati pa makoko a mtedza. Funso la Ba Sailasi, loti ngati ndinawaperekadi bambo kwa makina, sanandifunse n'komwe. Anati yankho waliona ndi maso.

Lolemba anandikokera kuchipatala. Dokotala anagogoda pamfundo pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, ndipo ndinamva ngati mphezi yathamangira m'zala. Anandifotokozera kuti pamenepo pali kampata kopapatiza kamene mtsempha wa zala zitatuzo umadutsamo. Dzanja likakhala lopindika maola ambiri likubwereza ntchito imodzimodzi, zam'katimo zimatupa n'kuufinya mtsemphawo. Za kusanza zakuda anati ndi zilonda za m'mimba, ndipo mapiritsi anga aja pamodzi ndi kachasu ndiwo ankazikumba. Anandiuza mosabisa kuti ndikapitiriza, mimba indipha dzanja lisanathe.

Anandimanga dzanja ndi chothandizira kuti lisapindike. Mapiritsi ndinasiya, kachasu ndinasiya. Sindikunamizani kuti zinali zophweka. Masiku khumi oyamba mutu unkagunda ngati mtondo, ndipo Esnart, amene ananditengera kunyumba kwake, anabisa nsapato zanga kuti ndisapite kukantemba. Kumayambiriro kwa 1996 madokotala anandichita opaleshoni yaing'ono ku Lusaka. Chipsera ndi ichi, amene ali kutsogolo akuchiona.

Kumudzi sanandilandire tsiku limodzi. Opaleshoni isanachitike, Esnart ananditengera kwa Ba Sailasi ndi pini yake. Ba Sailasi anakana kuti Esnart ndiye andibaye. Anatenga piniyo okha, n'kundibaya chala chachikulu mozama kuposa mmene kunafunikira, akundiyang'ana m'maso kuti aone ngati ndiphethira. Sindinaphethire.

"Hm," anatero. "Kanshi makina aluma."

Ndinayamba kupuma bwino. Koma anali asanamalize.

"Dzanja namva. Nanga miyendo? Nayo inafa, kuti usabwere kuona atate ako?"

Ananditumiza kumbuyo kwa nyumba, nandimeta tsitsi ndekhandekha, mochedwa ndi miyezi itatu, popanda nyimbo, popanda wondiperekeza. Atamaliza anangoti, "Tizaona," n'kulowa m'nyumba.

Kuntchito ndinabwerera, popeza abwana anali asanapeze wina wodziwa kulemba mawu molondola. Koma ndinabwerera ndi sowo. Ndinadula miyendo ya tebulo mpaka manja anga anagona mowongoka potayipa. Abwana anadandaula za tebulo lawo sabata yathunthu. Ndinagula wotchi yolira, n'kuiika patali, pashelefu, kuti ikalira ndiimirire kukaizimitsa. Imalira pakatha mphindi makumi anayi. Ndikaimirira ndimatuluka panja, ndimatambasula zala, ndimayang'ana mtengo wa bulugamu umene uli kutsidya kwa msewu mpaka maso atazizira. Chitseko cha chipinda chija ndinachisiya chotsegula, ndipo kompyuta ngakhale imodzi sinafe ndi fumbi. Nkhomaliro ndimadya panja ndi anzathu omanga mabuku, amene ndinagwira nawo zaka ziwiri osadziwa mayina awo. Mmodzi wa iwo, ndinapeza, ankakwera minibasi imodzi ndi ine tsiku lililonse.

Lachisanu 5 koloko ikakwana ndimavundikira makina. Lipoti likabwera Loweruka, limadikira Lolemba. Loweruka ndi la njinga, maola awiri kupita ku Nkomeshya. Poyamba ndikafika anthu ankandipatsa moni wapatali, manja ali kumbuyo. Ndinkapitabe. Ndinapalira nawo, ndinakolola nawo, ndinakhala nawo pa milandu ya mbuzi imene sinkandikhudza. Chala chachikulu sichinabwerere chonse. Nsonga yake mpaka pano ili ngati yavala nsalu. Dokotala anati ndikanabwera nyerere zitangoyamba, sakanafunika mpeni n'komwe. Mumve bwino pamenepo, inu amene mukukutumula manja pansi pa benchi.

Mu Juni chaka chatha, 1997, kunagwa maliro a azakhali athu. Uthenga unandipeza pa foni yomweija. Ndinazimitsa kompyuta pakati pa chiganizo. Ndinagona pamaliro masiku awiri, ndinakumba nawo manda. Nthawi yonyamula itakwana ndinaima kumbuyo, pakati pa anthu, popeza sindinafune kupemphanso kanthu. Amuna asanu anagwira bokosi. Chigwiriro chimodzi chinatsala.

"Fackson," anaitana Ba Sailasi, osandiyang'ana. "Kutsogolo."

Chinali chomwe chija, chadzanja lamanja. Anthu anasiya kunong'ona. Ndinagwira, tinanyamula. Njira inali yomweyo. Ndinawerenga mapazi. Tikuyandikira pachulu ndinamva maso a mudzi wonse ali pa dzanja langa, ndipo nyimbo inatsika yokha. Chitsulo chinali chikundidya m'chikhatho. Chinkawawa zedi, m'zala zonse zisanu, ndipo sindinayambe ndakondwerapo ndi ululu ngati tsiku limenelo. Tinadutsa chulu. Nyimbo inakweranso. Tinatula bokosi pamphepete pa manda pang'onopang'ono, ngati dzira.

Anthu akubalalika, Ba Sailasi anabwera, natenga dzanja langa, nalitembenuza. Anayang'ana mzere wofiira umene chitsulo chinasiya. Kenako anadzisisita pachibwano.

"Mawa ubwere na lezala," anatero. "Ndevu zanga zakula."

Ndinawameta pansi pa mtengo wa mango, atatseka maso, akundiuza za mvula. Sindinawacheke.

Umboni wanga ndi umenewo. Uja amene watsina chala n'kusamva kanthu, ndikhala ndili pakhomo. Pini ya Esnart ndili nayo m'thumba.